Lachinayi la a Telala

"Theka! Munthu wamkulu, imvi mbuu, kumamwa theka la piritsi? Mukugawana ndi yani?"

Mayi anakhuthulira kachitini ka mabatani patebulo. Mabatani anagubuduzika mpaka pansi, ndipo patebulopo panatsala timapiritsi toyera, tonse todulidwa pakati penipeni, mzere wake wowongoka ngati msoko wa kolala. Aliyense akanadziwa kuti ndi ntchito ya telala.

A telala sanadzutse mutu pamakina. "Mwandisokonezera mabatani, mayi."

"Mabatani! Ine ndimafuna singano, ndapeza maliro anu m'kachitini, inu mukudandaula mabatani. Pulofesa! Tabwera udzaone zimene akuchita bambo akowa."

Pulofesa, mwana wawo wamkazi, anatuluka kuchipinda nsapato imodzi kuphazi, ina kumanja. Sanali pulofesa ayi. Dzinali anam'patsa ndi bambo ake ali wamng'ono chifukwa cha mafunso osatha, ndipo linam'kakamira mpaka anamaliza kuyunivesite n'kuyamba ntchito yothandizira kafukufuku wa zaumoyo. Anatola kachidutswa kamodzi n'kukatembenuza pachikhatho.

"Bambo, mwayamba liti zimenezi?"

"Papita masiku atatu okha."

"Chifukwa chiyani?"

"Masamu, mwana wanga. Wophunzira si iwe? Mwezi umodzi ukaudula pakati umakhala miyezi iwiri."

"Mankhwala a BP sadulidwa choncho. Magazi akakwera mudzagwera pamakina pomwepo, mkono ndi mwendo osagwiranso ntchito."

"Ndiye ndikagwere panjira m'malo mwake?" A telala anachotsa phazi pachopalasira, makina n'kukhala chete. "Lachinayi lachiwiri la mwezi uliwonse ndimanyamuka kusanache. Maola awiri ndi bondo ili. Ndikafika benchi ladzaza, ndimaima padzuwa. Mwezi watha ndinafika pazenera la mankhwala 2 koloko itadutsa, m'mimba mulibe kanthu. Ndinabwera kuno mapazi atatupa ngati mitsamiro, masiku atatu osapalasa makina. Ndimapita kukatenga mankhwala a magazi, ndimabwerako ndi matenda a miyendo."

"Anakuthowani mapaziwo ndine, ndikudziwa," anatero mayi. "Koma zodula mapiritsi ayi."

"Pamene ndinali Nambala 114 m'kafukufuku wanu uja munkandilemekeza." A telala analoza mwana wawo ndi sizasi. "Munkandipatsa mankhwala a miyezi itatu kamodzi. Wa zaumoyo ankabwera kudzandiyeza pompano, ine ndili pantchito yanga. Chaka ndi theka ndinali munthu. Kafukufuku atatha munati zikomo kwambiri, zotsatira n'zabwino, bwererani pamzere. Nambala 114 anali ndi mwayi. Bambo ako alibe."

Pulofesa anakhala pampando, nsapato ija idakali kumanja. Zonsezi zinali zoona, ndipo amene anazilemba m'lipoti anali iye mwini. Zaka ziwiri zinali zitadutsa chitulukireni zotsatirazo, ndipo nkhaniyi inali itasanduka ngati funso la mayeso limene ukaliyankha limakubwezera poyambira. Wa mankhwala sangapereke miyezi itatu popanda kalata yachidindo yochokera kulikulu. Kulikulu sangalembe kalata onse okhudzidwa asanagwirizane. Onse okhudzidwa amakumana ndithu, kuhotela, ndipo anali atakumana kasanu. Koma maofesi ali ndi chilungamo chawo: kumisonkhano ya kuhotela amapita mosinthana, kuti aliyense alaweko. Choncho wobwera lero akumva nkhaniyi koyamba, ndipo munthu sangavomereze chinthu chimene wangochimva kumene. Akapereka kaye uthenga kwa abwana. Msonkhano wotsatira kumabwera wina, nayenso wongomva koyamba.

"Kuli msonkhano wina sabata ziwiri zikubwerazi," anatero Pulofesa.

"Eyaa," anatero mayi, akutola mabatani pansi. "Akakumananso. Koma amakondana anthu amenewa."

"Ulendo uno akufuna wodwala mmodzi akayankhule. Bambo, mwani mapiritsi athunthu, ndipo tipite limodzi. Zimene mwandiuzazi mukawauze iwowo."

"Tsiku lanji?"

"Lachinayi." Anazengereza. "Lachiwiri la mwezi."

"Ndi tsiku langa la kuchipatala limenelo."

"Msonkhano wothandiza odwala mwauika tsiku la odwala?" anafunsa mayi.

"Hotela inali ndi malo tsiku lokhalo. Musadandaule, wa mankhwala nayenso akakhala komweko, pazenera asiya namwino. Ndimuuza, tidzakatenga mawa lake."

A telala anatsegula kabati n'kutulutsa kabuku kawo ka kuchipatala, kokutidwa ndi nsalu yotsala pa suti ya munthu wina. Anakatambasula pamakina. Masiku anali ndandanda, mwezi ndi mwezi.

"Zaka zinayi. Ona ngati pali pamene ndinaphonya, kupatula nthawi imene munkandibweretsera nokha. Ndimadandaula, koma ndimapita. Mwezi uno ndi umene ndinati basi, ndatopa."

"Ndiye ndipatseni sabata ziwiri zokha."

A telala anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola zidutswa ziwiri, n'kuziponya m'kamwa popanda madzi.

Chipinda cha kuhotela chinali chozizira ngati m'firiji. Patebulo lililonse panali mabotolo a madzi, maswiti m'kambale, ndi zolembera zatsopano zimene anthu anaziika m'matumba msonkhano usanayambe. A telala anavala jekete yodzisokera okha, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi wa mankhwala wa kuchipatala kwawo. Papepala la pulogalamu anapeza malo awo pansi penipeni: "Mawu a wodwala, mphindi zisanu."

Kudziwana kokha kunatenga ola. Uyu anaimira abwana ake, uyo anaimira amene amayenera kuimira abwana ake. Dokotala wamkulu wa kafukufuku, bwana wake wa Pulofesa, anaonetsa zithunzi za mizere yokwera ndi yotsika pakhoma. Atamaliza, bambo wina wa tayi yofiira anakweza dzanja.

"Zosangalatsa kwambiri. Koma kodi odwalawo sangagulitse mankhwalawo mukawapatsa ambiri?"

Pulofesa anayang'ana m'kope mwake. Funso limeneli linafunsidwa pamsonkhano woyamba, wachitatu ndi wachinayi. Dokotala analiyankhanso, mawu omwe aja, akumwetulira ngati munthu wodwala dzino. Mayi wina anafunsa ngati mashelefu angakwane. Wina anapempha kuti mawu akuti "odwala" asinthidwe akhale "olandira chithandizo", ndipo nkhani imeneyi inawafikitsa pa chakudya chamasana.

"Zimakhala chonchi nthawi zonse?" a telala ananong'oneza wa mankhwala.

"Kaya, bambo. Ine ndi koyamba. Inali nthawi yanga."

Madzulo anagawana m'magulu, n'kulemba pamapepala akuluakulu omata pakhoma. Nthawi inatha mawu a wodwala asanafike. Wotsogolera msonkhano anali atayamba kale kunena kuti mwina adumphe mbali imeneyo pamene chitseko chinatseguka, ndipo aliyense anaimirira. Anali bwana wamkulu wa kulikulu, mwini chidindo, amene anabwera kudzangotseka msonkhano.

"Pitirizani, pitirizani," anatero bwanayo akukhala. "Mwafika pati?"

Pulofesa sanadikire wotsogolera. Ananyamula maiki n'kupita nawo kumbuyo.

A telala anaimirira pang'onopang'ono atagwira tebulo. "Ine ndine telala. Sindidziwa kuyankhula pagulu, ndiye ndingofunsa funso. Mwana wangayu akuti uno ndi msonkhano wachisanu ndi chimodzi. Amene analipo pamsonkhano wathawu akweze dzanja."

Dokotala anakweza. Pulofesa anakweza. Pamatebulo onse panalibenso wina wokweza. Kenako kukhoma, pafupi ndi makapu, mayi woperekera tiyi anakweza dzanja lake, lina atagwira ketulo.

"Ine yonse isanu ndi umodzi ndinalipo," anatero mayiyo.

"Ndiye kafukufukuyu anapeza chiyani, mayi?"

"Anapeza kuti mwa anthu khumi opatsidwa miyezi itatu, asanu ndi anayi magazi awo anakhala bwino. A mwezi ndi mwezi, asanu ndi awiri okha, chifukwa ena amatopa n'kusiya. Ogulitsa mankhwala sanapezeke. Mashelefu amakwana mukachotsa makatoni opanda kanthu. Tiyi ndi uyu, amene akufuna."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunatha msanga poona kuti bwana wamkulu sakuseka.

"Ine ndikamasoka malaya," anapitiriza a telala, "ndimayeza munthu mmodzi, yemweyo amabwera kudzayesa, yemweyo n'kudzatenga. Kuno mukuyeza wina, wodzayesa ndi wina, wodzatenga ndi winanso. Zaka ziwiri malaya ali pamakina. Amene tikuyenda osavala ndi ife. Mnzanga wina wokonza nsapato anatopa ndi mzere, anasiya mankhwala. Lero amadya modyetsedwa. Inenso mwezi uno ndinatsala pang'ono. Basi, mphindi zanga zatha."

Anakhala pansi. Bwana wamkulu anavula magalasi n'kupukuta maso.

"Tiyambe pachipatala chawo cha bambowa, mwezi wamawa, moyesera. Kalata ndisayina ndekha. Koma sitingangopatsa aliyense. Oyenera ndi ati?"

Dokotala anayang'ana Pulofesa, chifukwa mapepala onse amasunga ndi iye. Pulofesa anatsegula lipoti n'kuwerenga mokweza monga mmene analembera zaka ziwiri zapitazo: munthu amene magazi ake ndi okhazikika, ndipo sanaphonye kapena kuchedwa pa tsiku lake la kuchipatala m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi.

"Lembani chomwecho," anatero bwanayo.

Anthu anaomba m'manja. Anajambulitsa pamasitepe, a telala ali pakati, bwana wamkulu atawagwira paphewa.

Mawa lake, Lachisanu, a telala anapita okha kuchipatala. Mabenchi anali opanda anthu. Wa mankhwala anawalowetsa pakhomo la kumbuyo ngati alendo olemekezeka, n'kuwapatsa paketi yawo ya mwezi. "Yomaliza imeneyi, bambo," anatero. Kalaliki analemba tsiku m'kompyuta monga amachitira ndi aliyense, ndipo a telala anabwerera kunyumba akuimba kanyimbo m'mphuno.

Mwezi umenewo unali wamtendere. Mayi anabweza kachitini ka mabatani pamalo pake. Makasitomala ankabwera ndi nsalu n'kukhalitsa kuti amve za mayi wa tiyi, ndipo nkhaniyo inkakula tsiku ndi tsiku, mpaka bwana wamkulu anayamba kulira misozi. Kalata yachidindo inafikadi, ndipo wa mankhwala anaimata pazenera ndi selotepi mbali zonse zinayi.

Lachinayi lachiwiri Pulofesa anapita ndi bambo ake kuchipatala, atatenga kamera ya kuofesi, chifukwa Dokotala ankafuna zithunzi za m'lipoti. Ulendo wa maola awiri uja anauyenda koyamba ndi miyendo yake. Bambo ake anapuma katatu.

Atangolowa pageti, anthu a pamabenchi anayamba kuwakuwira.

"Abwera aneneri athu!"

"A telala, khalani apa. Sunthani inu, munthuyu watiyankhulira."

Kalaliki anatuluka ndi mndandanda wosindikizidwa n'kuyamba kuitana. Woitanidwa ankapita kukayezedwa, kenako pazenera, n'kubwerako ndi mapaketi atatu omangidwa ndi labala. Gogo wina anavina pang'ono atawanyamula pamutu. Pulofesa anajambula. Mndandanda unatha, kalaliki anapinda pepala.

"Otsalanu, mwezi umodzi monga mwa nthawi zonse. Pangani mzere."

A telala anayang'ana mwana wawo. Pulofesa anapita kwa kalaliki.

"Mwadumpha dzina, achemwali. Bambo angawa."

Kalaliki anatambasula pepala, chala chikutsika mpaka pansi. Analowa mkati, anadinadina pakompyuta, n'kuitembenuza kuti Pulofesa aone yekha. "Mwezi watha tsiku lawo linali Lachinayi. Anabwera Lachisanu. Anachedwa tsiku limodzi."

"Anali kumsonkhano!"

"Apa palibe polemba msonkhano. Pali anabwera, anachedwa, sanabwere."

Pulofesa anadutsa mzere wonse mpaka pazenera. Anagogoda pagalasi ndi kamera. "Inu munali nawo limodzi! Munakhala tebulo limodzi!"

"Ndikudziwa, chemwali," anatero wa mankhwala, mawu ali pansi. "Anandipatsanso maswiti awo. Koma mndandandawu sindinalembe ine. Wachokera kulikulu, makina ndi amene asankha potsata kalata."

"Ndiye sinthani tsikulo m'kompyuta."

"Linapita kale. Likapita silibwerera."

"Apatseni basi atatuwo. Adziwa ndani?"

"Ichi n'choyesera, akutiyang'ana ndi maso onse. Akapeza kuti ndapatsa munthu amene sali pamndandanda, adzati chipatala chalephera kutsata ndondomeko, n'kutseka zonse. Gogo akuvina uyo abwerera pa mwezi umodzi. Mukufuna zimenezo?"

"Koma lamulo lopusa ngati limeneli! Tsiku limodzi! Munthu zaka zinayi osaphonya!"

Wa mankhwala analoza kalata yomatidwa pagalasi, pakati pa nkhope zawo ziwiri. "Mzere wachitatuwo. Ine ndinalipo powerenga, chemwali. Anawerenga ndani?"

Kumbuyo kwa Pulofesa mzere unayamba kung'ung'udza kuti ena akuchedwetsa anzawo. Anachoka pazenera n'kukaima pansi pa mtengo, n'kuimbira Dokotala. Anafotokoza zonse.

"Aa, zachisoni zedi," anatero Dokotala. "Koma ukudziwa, limeneli ndi phunziro lamphamvu kwambiri. Zoterezi ndi zimene okhudzidwa ayenera kumva."

"Sindikufuna phunziro, Dokotala. Ndikufuna muwaimbire bwana wamkulu."

"Ali kunja, ndipo sangasinthe yekha zimene anagwirizana onse. Zimenezi n'zofunika msonkhano. Mwamwayi tili ndi wounikira mmene zikuyendera, mwezi wamawa. Ubwere nawo bambowo, anayankhula bwino kwambiri. Ulendo uno tiwapatsa mphindi khumi."

"Tsiku lanji?"

Anamva mapepala akutembenuzidwa. "Lachinayi lachiwiri. Hotela yomwe ija."

Pamene ankabwerera, bambo ake anali ataima kale pamzere wa mwezi umodzi, kabuku kali m'manja. Malo a pabenchi aja anali atawasiyira mayi wina woyembekezera. Dzuwa linali litafika pamutu. Pulofesa anaima pambali pawo, mzere ukusuntha phazi limodzi limodzi. Anthu a mapaketi atatu ankawadutsa potuluka.

"Mulungu akudalitseni, a telala! Tionana pakatha miyezi itatu!"

"Muyende bwino," ankayankha a telala.

Anafika pazenera 1 koloko itadutsa. Wa mankhwala anakankha paketi imodzi osawayang'ana kumaso. A telala anaiika m'thumba la mkati la jekete, n'kukakhala pabenchi limene tsopano linali ndi malo ambiri. Anavula nsapato imodzi n'kusisita phazi.

"Ndalakwa ndine, bambo," anatero Pulofesa. "Ndinakuuzani kuti tidzatenga mawa lake. Lamulolo ndinawerenganso ndine."

"Unawerenga bwino. Mawu ako anamveka mpaka kumbuyo. Ndiye akuti chiyani abwana ako?"

Anawauza. A telala anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu.

"Mphindi khumi. Andikweza udindo." Anayang'ana mabenchi, zenera, ndi geti. "Ndikapanda kuchedwanso, ndi miyezi ingati?"

"Isanu ndi umodzi kuchokera tsiku lija. Yatsala isanu."

"Ndipo ndikapita kumsonkhanoko?"

"Muyambiranso."

A telala anavala nsapato yawo, n'kumanga chingwe mosafulumira. Anagwira phewa la mwana wawo kuti aimirire, ndipo Pulofesa anamva kulemera kwawo konse, ndi bondo likulira.

"Uwauze kuti ndathokoza, koma sinditha. Lachinayi lachiwiri ndili ndi msonkhano wanga pabenchi ili, ndipo kuno sitisinthana."

Anatuluka pageti. Pulofesa anawatsatira, kamera ikumumenya pachifuwa. Ulendo uno anapuma kasanu.